Mukufuna kusintha kampani ya TV? Yambani mwafunsa za dikoda yojambula

Alamu anga a ku Dómuè anali ndi dikoda yojambula. Tsiku lina gulu la ngoma la pasukulu ya mwana wawo linaoneka pa nkhani za madzulo. Mwanayo anali kutsogolo kwenikweni, cishango cili m'manja. Alamu anathamangira komando n'kudina batani lofiira. Kuyambira tsiku limenelo, mlendo aliyense akafika pakhomo ankayamba waonetsedwa mwana uja asanapatsidwe n'madzi omwe.

Patapita miyezi, ndalama ya pamwezi inawakulira, ndipo anasamukira ku kampani ina yochipirako. Dikoda yakale anaikulunga bwino m'citenje n'kuisunga m'sutikesi. Ankaganiza kuti mwana wawo ali momwemo, ngati cithunzi cosungidwa m'buku. Pa Khirisimasi kunabwera agogo a mwanayo. Alamu anatulutsa dikoda ija, analumikiza nthambo zonse, anadina batani. Dzina la pulogalamu linaoneka pa TV, koma cithunzi ayi. Anayesa kawiri, katatu. Agogo anabwerera kumudzi osamuona mdzukulu wawo akuvina.

Palibe amene anawabera alamu anga, ndipo dikodayo sinaonongeke. Umo ndi mmene madikoda a makampani olipira pamwezi anapangidwira. Ambiri timadziwa zimenezi mocedwa, titasintha kale. Ngati muli ndi parabolika pa denga ndipo mukuganiza zosiya kampani ina kupita ku ina, werengani nkhani ino musanapereke ndalama kwa wogulitsa.

Dikoda yojambula n'ciyani?

Dikoda ndi kabokosi kaja kamene kamakhala pakati pa mbale ya pa denga ndi TV yanu. Mbale ija, imene kuno timati parabolika, imalandira mafunde ocokera ku setilaiti kumwamba. Dikoda imamasulira mafundewo kuti asanduke cithunzi ndi mawu. Madikoda ambiri nchito yawo imathera pomwepo. Cimene cikuoneka pano mumacionera pano, cikapita capita.

Dikoda yojambula ili ndi nkhokwe. Imatha kusunga pulogalamu kuti mudzaionere nthawi ina. Pa bokosi lake mudzaona zilembo zitatu izi: PVR, kapena DVR. Mwina mudzaona mawu a Cipwitikizi akuti gravar kapena gravador. Pa komando pamakhala batani lofiira, nthawi zina lolembedwa REC. Mukaona zimenezi, dziwani kuti akunena za kujambula.

Kwa ife alimi cinthu cimeneci si ca manyado cabe. Mpira wa Champions League umayamba 9 kapena 10 koloko usiku n'kutha cakumapakati pa usiku, pamene inu mukuyenera kulawirira kumunda tambala akangolira. Mpira wa ku England, kumene Reinildo Mandava wakwathu anapita kukasewera ku Sunderland mu 2025, kawirikawiri umaseweredwa Loweruka masana. Nthawi imeneyo mwina muli kudimba kuthirira kacewere, kapena simunabwere ku msika wa ku Ulónguè. Mayi akapita kukagona kumaliro, novela siwadikira. Ndi dikoda yojambula mumangoiuza tsiku ndi ola, iyo n'kumagwira nchito inu kulibe. Mungathenso kuimitsa pulogalamu imene ikuoneka, kupita kukatsekera mbuzi, n'kudzapitiriza pamene munalekezera.

Makampani a setilaiti amene timawadziwa kuno ndi atatu. DStv ndi ya kampani ya MultiChoice, ndipo inayamba ku South Africa mu 1995. ZAP inayambira ku Angola mu 2010, kenako n'kufika ku Mozambique. StarTimes ndi ya ku China. Palinso GOtv ndi TMT, koma izi sizidzera pa setilaiti. Zimadzera pa nsanja za pansi pano, ndipo zimafuna antena ya mtundu wina. Zimenezo tizisiye, ndi nkhani ya tsiku lina.

Nkhokwe ili pakhomo panu, kiyi ali kwa eni ake

Apa ndi pamene pagona nkhani, conco tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Kampani ya TV imatumiza mafunde ake dziko lonse nthawi imodzi. Amagwa pa denga la amene walipira, amagwanso pa denga la amene sanalipire. Kuti osalipira asaonere, kampani imatseka mafundewo ndi loko. Kiyi wa loko ameneyu amakhala mu khadi lija limene mumalowetsa mu dikoda. Madikoda ena atsopano alibe khadi, kiyi anamuika m'kati mwenimweni. Mukalipira, kampani imatumiza uthenga kudzera pa setilaiti kuti dikoda yanu itsegule. Masiku amene munalipira akatha, imatsekanso.

Tsono mukamajambula, dikoda simasunga cithunzi cotsegula ayi. Imasunga pulogalamuyo ili yotseka ndi loko wake. Tsiku limene mukufuna kuionera, dikoda imayamba yaona ngati muli ndi cilolezo. Ngati munasiya kulipira, nkhokwe ndi yodzaza ndithu, ili m'nyumba mwanu, koma citseko sicitseguka. Izi n'zimene zinawaonekera alamu anga.

Ndipo kampani iliyonse ili ndi loko wakewake. Dikoda ya DStv singatsegule machanelo a ZAP. Ya ZAP singatsegule a StarTimes. Khadi la kampani ina siligwira nchito mu dikoda ya kampani ina, ngakhale litalowa bwinobwino pa kabowo. Conco kusintha kampani ndiye kuti kugula dikoda yatsopano, ndipo zimene munajambula mu yakale simungazisamutsire mu yatsopanoyo. Ena amaganiza kuti akatsegula dikoda n'kucotsa disiki ya m'kati, akaonera pa kompyuta ya mwana wawo. Sizitheka. Kompyuta ilibe kiyi, ndipo mukatsegula bokosilo garantiya yatha.

Mwina mukufunsa kuti, nanga dikodayo si ndinagula ndi ndalama zanga? Inde, bokosilo ndi lanu. Koma mpira, mafilimu ndi manovela ali ndi eni ake, ndipo kampani inagula cilolezo congoonetsa kwa anthu amene akulipira. Kunena zoona, ine zimandiwawa kuti ogulitsa ambiri safotokoza zimenezi tsiku logula. Amangoti “iyi imajambula”, basi.

Pali madikoda ena opanda kampani, amene amagwira machanelo aulere okhaokha. Amenewa akajambula pa fulashi, nthawi zambiri mungathe kukaonera pa kompyuta, cifukwa chanelo yaulere ilibe loko. Koma mpira wa ku England simuupeza kumeneko. Za timabokosi tija timene anyamata ena amalonjeza kuti timatsegula zonse popanda kulipira, cenjerani nato. N'tosaloledwa, ndipo tsiku limene tidzasiye kugwira nchito mulibe kokadandaula.

Kodi nkhokweyo ndi yaikulu bwanji?

Tsopano tinene kuti mwatsimikiza mtima, mukusintha. Mwafika mu loja, ndipo patebulo pali madikoda awiri kapena atatu. Muwasiyanitsa bwanji?

Coyamba, musanamizidwe ndi zilembo za HD. HD ndi nkhani ya kuwala kwa cithunzi, si nkhani ya kujambula. Dikoda ingakhale ya HD koma yosajambula. Kwa DStv, mwacitsanzo, dikoda wamba ya HD sijambula. Imene imajambula ndi Explora. Kwa ZAP ndi kwa StarTimes funsani mwacindunji kuti, “Mwa madikoda anuwa, yojambula ndi iti?” Akakulozerani, funsaninso kuti, “Imasungira pati?”

Funso laciwirili ndi lofunika, cifukwa madikoda ojambula alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi disiki m'kati mwawo. Ena alibe, ali ndi kabowo ka USB kokha, ndipo inu muyenera kugula padera fulashi kapena disiki yakunja n'kuibaya pamenepo. Dikoda ya mtundu waciwiriwu imaoneka yochipa mu loja, koma muwerengere ndi mtengo wa fulashiyo. Dziwaninso kuti kukhala ndi kabowo ka USB si umboni woti dikoda imajambula. Pa madikoda ena kabowo kameneka nchito yake ndi ina.

Kukula kwa nkhokwe kumayezedwa ndi GB ndi TB. TB imodzi ndi GB pafupifupi 1000. Ola limodzi la pulogalamu ya HD kawirikawiri limadya GB pakati pa 2 ndi 4. Mpira umodzi, kuphatikiza nthawi yopumula ndi yoonjezera, umatenga pafupifupi maola 2. Ndiye werengani nokha: fulashi ya 16 GB ingasunge mipira iwiri, mwina mpaka inayi, kenako yadzaza. Ngati kwanu kuli wokonda mpira ndi wokonda novela, fulashi yotereyi idzabweretsa mkangano mlungu usanathe, cifukwa wina adzafufuta za mnzake kuti apeze malo.

Explora yoyamba inatuluka mu 2013. Inali ndi disiki ya 2 TB, ndipo kampani inkanena kuti imasunga maola okwana 220. Ma Explora amene anabwera pambuyo pake ali ndi 1 TB, ndipo amasunga maola okwana 110. Inde, yatsopano ili ndi nkhokwe yocepa kuposa yakale. Maola 110 ndi mipira pafupifupi 55. Ngati mumajambula novela ya ola limodzi masiku 5 pa mlungu, ndiye milungu 22. Mwina mwadabwa kuti disiki yaikulu conco ikusunga bwanji maola 110 okha. Cifukwa cake n'cakuti kampani imapatula mbali ina ya disikiyo n'kuikamo mafilimu ndi mapulogalamu amene yasankha yokha. Conco pofunsa, musafunse ma GB okha. Funsani kuti, “Ndingajambule maola angati a HD?”

Kenako pali nkhani ya makutu. Mu dikoda muli kacipangizo kamene kamamvera chanelo, kapena kanali monga ena amanenera. Amisiri amakachula kuti tuner. Ife tingoti khutu. Dikoda ya khutu limodzi imamvera chanelo imodzi pa nthawi imodzi. Ikamajambula mpira, nonse m'nyumbamo muonera mpira womwewo, kapena muzimitse TV. Mwana akangosintha chanelo kufuna zidole, dikoda imakana, kapena kujambula kumaima. Dikoda ya makutu awiri kapena kuposa imakulolani kuonera TVM uku ikujambula chanelo ina. Explora imatha kutero. Madikoda ang'onoang'ono ojambulira pa fulashi ambiri ali ndi khutu limodzi. Kwa munthu amene amangofuna kujambula usiku onse atagona, khutu limodzi n'lokwanira. Kwa banja lalikulu limene limalimbirana komando madzulo aliwonse, makutu awiri ndiwo amathetsa mlandu.

Musakhulupirire mawu okha. Mu loja muli TV. Pemphani wogulitsa ajambule chanelo imodzi inu mukuona, asinthe apite pa ina, kenako abwerere akuonetseni zimene zajambulidwa. Zimenezi sizitenga mphindi 5.

HD yanuyo idzafika pa maso anu?

Cithunzi ca pa TV cimapangidwa ndi mizere ing'onoing'ono. Cithunzi wamba, cimene amati SD, cili ndi mizere 576. Ca HD cili ndi mizere 720 kapena 1080. Mizere ikaculuka, mumaona bwino nambala ya pa malaya a wosewera ngakhale ali patali.

Koma kuti HD ifike pa maso anu pamafunika zinthu zingapo zigwirizane. Chaneloyo ikhale ya HD, cifukwa si machanelo onse amene ali otero. TV yanu ikhale ya HD. Ma TV akale aja a cimsana cacikulu kumbuyo sangaonetse HD ngakhale mutagula dikoda yodula bwanji. Ndipo nthambo yocokera ku dikoda kupita ku TV ikhale ya HDMI, ija ya mutu umodzi wophwatalala. Nthambo ya mitu itatu, wacikasu, woyera ndi wofiira, imangonyamula cithunzi wamba. Ndalowapo m'nyumba zingapo mmene muli TV yabwino ndi dikoda ya HD, koma zolumikizidwa ndi nthambo ya mitu itatu ija, eni ake n'kumati HD ndi bodza la azungu. Onani m'bokosi ngati HDMI ilimo musanacoke mu loja.

Ngati TV yanu ndi yakale ndipo simukuganiza zogula ina caka cino, musadandaule. Dikoda ya HD idzagwirabe nchito, bola ikhale ndi malo obayapo nthambo ya mitu itatu. Yang'anani kumbuyo kwake, cifukwa madikoda ena atsopano ali ndi HDMI yokha.

Ndalama zimene sizilembedwa pa cikwangwani

Mtengo wa dikoda mumalipira kamodzi. Mtengo wa pakoti mumalipira mwezi ndi mwezi. Aliyense amadziwa ziwirizi. Cimene ambiri sadziwa n'cakuti kujambula nakonso kungakhale ndi mtengo wake wa pamwezi. Kwa DStv, kuti Explora izijambula pamakhala ndalama ina yoonjezera pamwamba pa pakoti. Mukapanda kuilipira, Explora yanu yodulayo imagwira nchito ngati dikoda wamba. Kulikonse kumene mukupita, funsani kuti, “Kupatula pakoti, pali ndalama ina ya kujambula?” Mitengo imasinthasintha, conco auzeni akulembereni papepala mtengo wa tsiku limenelo.

Ganiziraninso mmene ndalama imabwerera pakhomo panu. Ambiri kuno ndalama timaiona tikagulitsa fodya, soya, nyemba kapena kacewere. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene feteleza wadya zonse ndipo cimanga ca m'nkhokwe cikutha, TV imayamba yadikira. Palibe colakwika pamenepo. Koma munthu angaganize kuti, “Ndijambule mafilimu ambiri mwezi uno, kuti miyezi imene sindilipira ana azionera.” Mwaona kale kuti nzeru imeneyi sigwira. Mwezi umene simunalipire, nkhokwe ndi yotseka. Ngati mumalipira miyezi 6 yokha pa caka, dikoda yojambula yodula idzakutumikirani miyezi 6 yokhayo. Kunena maganizo anga, banja lotero lingacite bwino kugula dikoda yochipa n'kusunga ndalama yotsalayo kuti ilipire miyezi ina iwiri kapena itatu.

Funsaninso zimene zimacitika mukatsika kucoka pa pakoti yaikulu kupita pa yaing'ono. Zimene munajambula pa chanelo imene simukuilipiranso zingathe kukana kutseguka.

Ndipo musaiwale cimene mukusinthira. Dikoda ingakhale yabwino, koma imajambula zokhazo zimene kampani yake ili nazo. Machanelo a SuperSport ndi Maningue Magic ndi a MultiChoice. ZAP Novelas ndi ya ZAP. Lembani papepala mapulogalamu 5 amene banja lanu silingakhale osaonera, mupite nalo pepalalo, ndipo wogulitsa akuonetseni kuti iliyonse ili pa pakoti iti.

Mbale ya pa denga

Kodi mbale yakale igwira nchito ndi kampani yatsopano? Nthawi zambiri mbale yeniyeniyo imagwira, koma mwina iyenera kutembenuzidwa.

Masetilaiti a TV ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36 000 kumwamba, ndipo amazungulira limodzi ndi dziko, n'cifukwa cake kwa ife amaoneka ngati aima malo amodzi. Malo a setilaiti iliyonse amachulidwa ndi nambala ya madigiri. ZAP imagwiritsa nchito setilaiti ya Eutelsat imene ili pa madigiri 36 kum'mawa. DStv imagwiritsa nchito malo omwewo a 36, komanso ena a 68,5, malinga ndi dziko. StarTimes ili pa setilaiti ya SES-5, pa madigiri 5. Ife ku Angónia tili pafupi ndi madigiri 34. Conco setilaiti ya pa 36 ili pafupifupi pamutu pathu, cakumpoto pang'ono. Ya pa 5 ili cakumadzulo ndipo ndi yotsikirapo. Ya pa 68,5 ili cakum'mawa.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili. Mukacoka ku ZAP kupita ku StarTimes, mbale iyenera kuyang'ana kwina. Kumene ikuyang'ana tsopano kungakhale kowala, koma mbali inayo kuli mtengo wa bulugamu kapena denga la aneba. Itanani mmisiri adzaone kaye musanagule, ndipo mugwirizane mtengo wake.

Kutsogolo kwa mbale kuli kamutu kaja kamene kamagwira mafunde. Dzina lake ndi LNB. Dikoda ya makutu angapo imafuna LNB yoyenerana nayo. Explora imafuna imene DStv imaichula kuti Smart LNB. Mukagwiritsa nchito kamutu kakale, mwina cithunzi cidzaoneka ndithu, koma kujambula kudzavuta. Iyi ndi ndalama inanso yoti muiwerengere.

Mvula nayo ili ndi mbali yake. Mukudziwa kale kuti mtambo wakuda ukafika, kuyambira Disembala mpaka Malici, cithunzi cimayamba kudukaduka kenako n'kuzimiririka. Dikoda imajambula cokhaco cimene calowa. Ngati mafunde anasowa kwa mphindi 10, zojambula zanu zidzakhala ndi dzenje la mphindi 10, ndipo mwina cigoli cili momwemo. Mbale yokulirapo, ya masentimita 90, imapirira mvula kuposa ya masentimita 60. Ngati mmisiri akukwera kale pa denga, ino ndiyo nthawi yoganizira zimenezi.

Magetsi

Dikoda yozimitsidwa pa khoma sijambula. Kuti igwire mpira wa usiku, iyenera kukhala pa magetsi usiku wonse. Magetsi a EDM akazima pakati pa mpira, kujambula kumaima pomwepo.

Ndiye pali Credelec. Pansi pa dikoda kapena pa adaputala yake pamalembedwa nambala yotsatana ndi cilembo ca W. Imeneyo imakuuzani mphamvu imene dikodayo ingadye. Tinene kuti ina yalembedwa 10 W, ina 30 W, ndipo zonse zikuyaka usana ndi usiku kwa masiku 30. Yoyambayo ingadye mpaka 7,2 kWh. Yaciwiriyo mpaka 21,6 kWh. Dikoda yokhala ndi disiki m'kati imadya kwambiri kuposa yopanda disiki, cifukwa disikiyo imazungulira. Kwa amene mumadalira sola ndi batire, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Batire imene imakwanitsa TV ndi mababu awiri madzulo ingathe kufa m'bandakuca ngati dikoda yagona ikuyaka.

Disiki ndi cinthu cosacedwa kuonongeka. Imadana ndi magetsi ozimazima mwadzidzidzi, imadana ndi kugwedezedwa ikugwira nchito, imadananso ndi kutentha. Kansalu koluka kaja kamene timakonda kuphimbira zinthu pabalaza kamatseka timabowo totulutsira mpweya. Kaikeni pa wailesi, osati pa dikoda. Kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi pa khoma ndiponso nthambo yocokera ku mbale. Mpira umodzi wosajambulidwa suposa mtengo wa dikoda ndi TV.

Dikoda ya kaunjika, ndi yocokera kunja

Mwana wanu amene ali ku Joni angakutumizireni Explora. Mnzanu angakuuzeni kuti ku Dedza, mukangodutsa pa Calómuè, akugulitsa dikoda yochipa. Musanasangalale, kumbukirani kiyi uja. Dikoda iliyonse imalembetsedwa pa dzina la munthu ndiponso m'dziko limene inagulidwa. Yolembetsedwa ku South Africa imalipiridwa ku South Africa. Ya ku Malawi imatsata malamulo ndi mitengo ya ku Malawi, ndipo mavuto a kumeneko amakhala anunso. Mu Ogasiti 2023, MultiChoice inalengeza kuti ikucotsa DStv ku Malawi cifukwa ca mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA. Nkhaniyo inapita kukhoti, ndipo DStv inabwerera mu Disembala caka comweco. Amene anali ndi dikoda yolembetsedwa ku Mozambique sizinawakhudze.

Ngati mukugula kwa munthu, mutenge nambala ya dikoda ndi ya khadi, mupite nazo kwa wothandizira wa kampaniyo. Afufuze ngati ilibe ngongole, ngati ingagwire nchito kuno, komanso ngati ingasinthidwe kukhala pa dzina lanu. Mwini wake akakana kupita nanu, isiyeni. Disiki ya dikoda imene yagwira nchito zaka zambiri imakhalanso yotopa. Jambulani kanthu, muonere, mumvetsere ngati m'katimo simukulira tiki tiki.

Masiku otsiriza ndi kampani yakale

Dziwani tsiku limene malipiro anu akutha. Lili mu uthenga umene munalandira pa foni mutalipira ndi M-Pesa kapena e-Mola, kapena mungalione pa dikoda pomwepo. Konzani kuti mmisiri abwere tsiku limenelo kapena lotsatira, kuti musalipire makampani awiri mwezi umodzi, komanso kuti asatembenuze mbale mukadali ndi masiku amene munalipira kale.

Mlungu wotsirizawo tsegulani mndandanda wa zojambula zanu muone zimene zilimo. Novela imene simunamalize, imalizeni. Ngati muli kanthu ka banja, monga mwana wanu pa nkhani za madzulo, kapena kwaya ya kwanu ikuimba, zimitsani nyale, imikani foni pa mpando kuti isagwedezeke, ndipo jambulani TV ndi foniyo pulogalamu ikuyenda. Cithunzi sicidzawala ngati HD, koma cidzakhala mu foni yanu, ndipo mungacitumize kwa acibale pa WhatsApp kuti cisungike malo angapo.

Dikoda yakale musaitaye, ndipo khadi lake musalicotse. Zisungeni pamodzi ndi komando, adaputala ndi risiti, pamalo ouma pamene mbewa sizifika. Mukadzafuna kubwerera ku kampani yakaleyo, mwina nyengo ya mpira ikadzayambanso mu Ogasiti, simudzagulanso dikoda ina. Mudzangolipira mwezi, mmisiri n'kubwezera mbale kumene inkayang'ana. Musanaikulunge m'citenje, lembani nambala ya khadi ndi ya dikoda m'kope lanu, cifukwa ndi zimene adzakufunseni tsiku limenelo.